Kabowo pa Phula

"Kazizira kameneko, Nagama. Bwezerani pamoto."

Lufina, amene amuna ake ankamuitana ndi mfunda wake woti Nagama, adabwezera pambaula kachitsulo kamkuwa kowotcherera mtovu. Kadali kachinayi m'mawa womwewo. Adakupiza makala ndi chivundikiro cha poto, phulusa n'kumuulukira m'maso, iye n'kudzipukuta ndi nsonga ya chitenje. Msana unkawawa ndi khasu la m'mamawa, zala zidali ndi matuza awiri a dzulo, koma munthu amene adali pampando wa ndalema pambali pakeyo zonsezo sankaziona. Maso awo adali pa kabolodi kobiriwira kolumikizirapo tizipangizo ta magetsi, kochepa ngati bokosi la machesi, kamene kadali pathabwa pakati pa awiriwo.

Munthuyo adali a Cosmas Ngozo, amuna ake. Adakonza mawailesi ndi mafoni pamsika wa Mlangeni zaka makumi awiri ndi mphambu, moti ngakhale a tsidya la msewu, ku Mozambiki, ankawolokera kwa iwo. Pantchito adali munthu wa malamulo. Wina akawabweretsera tchaja cha m'sitolo chomatidwa ndi zinthu zakuda zija, chosatseguka, ankachikankhira kwa mwini wake n'kunena kuti wopanga ichi adatsanzika, munthu wofuna kuti mudzaonanenso amasiya polowera. Ndiye chaka chatha, nthawi yokolola, sitiroko idawagwetsa pakhomo la bafa, n'kuwalanda mkono wamanja ndi mwendo womwe. Mutu udatsala wonse. Lilime lidalemera, koma osati mpaka kulephera kukalipa.

Chimene ankapangacho eni ake ankati leguleta. Ntchito yake n'kuima pakati pa sola ya padenga ndi batire: batire likakhuta itseke moto, likamva njala itsegule. Popanda iyo sola imangothira moto mpaka batire kuwira, kutupa, n'kufa. Mabatire awiri adafa motero pakhomopo. Leguleta ya m'sitolo imene adagula pambuyo pake idangokhala dzinja limodzi, dontho la padenga lidaipeza. Tsopano panali batire lachitatu, logula ndi ndalama za kachewere wa kudimba wa chaka chonse, ndipo ndilo linkatchaja mafoni a theka la mudzi, ndilo linkabweretsa mchere ndi sopo. Lidangokhala pakona, mawaya ali lende, kudikira kabolodi kaja.

Koma chimene chinkathamangitsa ntchitoyo silidali batire ayi. Lidali Loweruka.

Masabata awiri m'mbuyomo kudabwera a Christobel, mlongo wawo wa a Ngozo, kuchokera kumunsi cha ku Kandeu, atasenza kathumba ka mpunga. Adalankhula bwino mayi aja, sungawanenere choipa. Adathokoza mlamu wawo posamala wodwala chaka ndi miyezi, kumusambitsa, kumutembenuza, kumunyamula kupita kuchimbudzi. Kenako adafika pa chimene adadzera. A Ngozo pamudzi pano adali mkamwini, ndipo mkamwini akadwala matenda osachira abale ake amamutenga kuti akadwalire kwawo. Akafera pamudzi pa eni, anthu amati abale adamutaya, ena n'kumaloza mkazi chala.

"Mwatopa, alamu," adatero. "Tikulandireni katunduyu."

Apa ndi pamene Lufina adalakwa, ngati kudali kulakwa. Adafuna kukana, pakamwa padatseguka ndithu, koma mawu aja akuti mwatopa adamulowa ngati madzi pakhosi louma. Chaka chonse panalibe adamuuzapo zimenezo. Mwana wawo Tawina, wokwatiwa ku Lilongwe, akaimba foni ankangofunsa za abambo. Lufina adangoyang'ana pansi n'kumatokosa dothi ndi kamtengo. Ndipo kwathu kuno mkazi akayang'ana pansi osayankha, anthu amati wavomera.

A Ngozo adali m'nyumba, kuseri kwa chitseko chosatseka. Adamva mawu a mlongo wawo, adamvanso chete wa mkazi wawo. Adaitana onse awiri n'kunena kuti palibe mlandu, apita, koma a Christobel abwere Loweruka la sabata yachiwiri, iwo amalize kaye leguleta. Kuyambira tsiku limenelo nkhaniyo sidatchulidwenso pakhomopo. Ankakamba za mtovu, za mawaya, za makala onyowa, basi.

Zipangizo zidachokera m'chitini cha mabisiketi momwe a Ngozo ankasungamo ziwalo za mawailesi akufa. Njira yake adaijambula papepala ndi dzanja lamanzere, mizere yokhotakhota ngati mopalasa nkhuku. Lufina ankati akatola kanthu, iwo n'kupukusa mutu, akatola kena, n'kuvomera. Tinthu take tochepa! Tina ngati nyemba, tina ngati njere ya mpunga, tina ta miyendo itatu. Ankagwira ndi zala zozolowera khasu, kanthu n'kupulumukira pansi, iye n'kumakasaka chogwada m'fumbi, amuna ake akupuma mokweza kuti amve kuti akhumudwa.

Ndipo ntchito zina sizidaime chifukwa cha leguleta. Udali mwezi wa Disembala, udzu m'chimanga ukumera ngati watumidwa. Lufina ankadzuka kusanayere kukapalira, kubwerako n'kutunga madzi, kusambitsa wodwala, kumudyetsa phala, kuchapa zofunda, kenako n'kukhala pambaula kuti auzidwe kuti sadziwa kanthu.

"Mtovu wachuluka apo. Mukuwotcherera kapena mukuzira nyumba?"

Lachiwiri masana kachitsulo kotentha kadaterereka n'kumudinda pachala, pamwamba pa thuza lakale. Fungo la khungu lidamveka. A Ngozo m'malo mopepesa adati mwayi kabolodi kapulumuka. Lufina adaponya kachitsuloko pansi.

"Ndiye tengani muwotcherere nokha, poti odziwa ndinu."

Mawuwo adawamva atatuluka kale. A Ngozo adayang'ana mkono wawo uja uli gone pamwendo ngati wa munthu wina. Lufina adatola kachitsuloko, kukapukuta, n'kukabwezera pamoto. Adachita manyazi kwambiri. Komanso, tinene zoona, pansi pa manyaziwo mtima wina unkati bola Loweruka lifike.

Lachitatu cha m'ma teni dzuwa lidasuzumira pang'ono. Kabolodi kadali katatha. Kanthu kena ka miyendo itatu kamene kamatentha ntchito ikagundika adakamangirira ku chidutswa cha sefuliya yobooka, chimene Lufina adadula ndi sizasi yakale, kuti kutenthako kuzitulukira pamenepo. Adalumikiza mawaya a batire, kenako a sola, monga adauzidwira. Kababu kobiriwira, kochepa ngati diso la nkhunda, kadayaka.

Lufina adaseka. Adadzidabwa yekha, poti adali ataiwala kuti pakhomopo munthu amatha kuseka.

A Ngozo adamuuza kuti kuseka adikire. Adamugwiritsa mita yawo yoyezera moto, n'kumulozera kasikuluwu kochepetsetsa pakona pa kabolodi, kuti akapotokole ndi nsonga ya mpeni, pang'onopang'ono ngati akuchotsa munga. Manambala pamita adakwera, adatsika, iwo akuti bwererani, pitirirani, imani, mpaka adakhazikika pa 14.4. Pamenepo ndiye pamene batire limakhutira. Adayamba kufotokoza ndi mawu awo akale a pamsika, kuti kasikuluwu kameneko sikakhala pamodzi mpaka kalekale. Kukazizira mu Juni umakasuntha pang'ono, kukatentha mu Okutobala umakabweza, batire likamakalamba nalonso limafuna zake. Adati, "Ndiye mu Juni muno tidza…" n'kulekera pomwepo. Adapempha madzi akumwa.

Chidatsala n'kuteteza kabolodi ku madzi. Nyumba ya Lufina malata ake ngakale, ndipo kumtunda kuno ngakhale mvula isagwe, nkhungu imalowa m'nyumba ngati mwini wake. Masana amenewo a Ngozo atagona, Lufina adati aaa, izi nazo mpaka kuchita kuuzidwa? Machesi amawasunga bwanji dzinja lonse? Buku la kuchipatala amaliteteza bwanji akamapita kukatenga mankhwala a wodwala mvula ili pamutu? Adatenga majumbo atatu, kukulunga kabolodi kaja bwinobwino, kumanga kukamwa ndi malegeni mpaka mpweya osalowa, n'kukapachika pamsomali pamwamba pa batire. Kababu kankaonekera m'kati mwa pulasitiki. Adanyadira ndithu, ndipo sadawauze, ankafuna adzaone okha.

Kutacha adapeza kababu kali zii. M'kati mwa majumbo mudali timadontho tokhatokha, ngati chivundikiro cha poto wa nyemba. Adamasula malegeni, madzi n'kumutsikira m'manja. Denga silidadonthe pamenepo, adayang'ana kawiri konse. Madziwo adachokera kuti? Adaima pakati pa nyumba, kabolodi konyowa kali m'manja, n'kungoti mvula ikakuona litsiro sikata.

Adapita nako kwa amuna ake atakonzeka kulandira chilichonse. A Ngozo adakatembenuza ndi dzanja lamanzere, kukanunkhiza, n'kufotokoza modekha kuti kanthu kameneka masana kamafunda, usiku n'kuzizira, ndiye kamachita thukuta ngati munthu.

"Madziwo simunawatsekere kunja, Nagama. Mwawatsekera m'kati."

Sadakalipe. Sadanene za kuzira nyumba, sadapume mokweza. Adangoti palibe kanthu, mudafuna kuthandiza. Ndipo zimenezo ndi zimene zidamuopsa Lufina kuposa kukalipa konse kwa sabata imeneyo. Munthu amene wakhala naye zaka makumi atatu akayamba kukulankhula mwaulemu ngati mlendo, umadziwa kuti mtima wake wanyamuka kale.

Lachinayi lonse lidatha n'kuumitsa kabolodi pambali pa mbaula ndi kusintha kanthu kamodzi kamene kadapsa. Kababu kadayakanso dzuwa litapendeka. A Ngozo adati za majumbo ziiwalike, mawa apite kwa a Elson, mlimi wa njuchi wa kutsidya kwa dambo, akapemphe phula.

Lachisanu mvula idagwa kuyambira m'mawa. Lufina adawoloka dambo madzi akufika m'mawondo, n'kubwerako ndi chibuluma cha phula chachikasu, chonunkhira uchi, atachikulunga m'tsamba la nthochi. Kuti asungunule tsiku lomwelo sizidatheke, makala adali atanyowa, ndiponso panali zovala za ulendo. Adachapa malaya anayi a amuna ake, kuwaumitsa pamoto wa nkhuni, kuwapinda n'kuwaika m'chikwama pamodzi ndi mankhwala, Baibulo ndi bulangeti. Akupinda choncho adadzipeza akuganiza za Lamulungu. Adzapita kutchalitchi osathamanga, adzakhala mpaka nyimbo yomaliza, adzacheza ndi amayi anzake pabwalo. Adzagona usiku wonse osadzutsidwa. Ankazilakalaka zimenezo, ankazilakalaka mpaka misozi, ndipo ankadzida chifukwa chozilakalaka.

Loweruka kudacha kwa mitambo koma kosagwa. A Christobel adafika cha m'ma naini pa galimoto yapikapu imene idabwera kudzatenga kabichi kumtunda kuno. Dalaivala adakana kutsika. Adati achite changu, mvula ikayamba msewu wa kumunsiwo sachita nawo masewera. A Christobel adapereka moni, adaona chikwama chili pakhomo, adaonanso mbaula ili lawilawi pakhonde ndi chitini cha phula pamwamba pake.

"Kodi zija sizinathebe, achimwene?"

A Ngozo adati zatsala pang'ono, akhale pansi. Adali atavala malaya oyera ndi jekete la kutchalitchi, mkono wakufa uja Lufina ataulowetsa bwino m'dzanja la jekete. Pathabwa padali kachitini ka polishi wa nsapato, kotsukidwa, kobooledwa m'mbali podutsa mawaya. Kadali kawo komwe, ka nsapato zimene sadavalenso chigwereni.

Adalangiza pang'onopang'ono. Choyamba phula pang'ono pansi pa kachitini, liume, kuti kabolodi kasakhudze chitsulo. Lufina adathira, adadikira. Kenako kabolodi pamwamba pake, mawaya m'mabowo mwake, chidutswa cha sefuliya chitulukire kunja kuti kutentha kusasungunule phula, kababu katukulidwe kaonekere. Lufina adachita zonsezo, ndipo manja ake tsiku limenelo sadalakwitse kanthu.

"Tsopano thirani mpaka pakamwa. Kwirirani zonse."

Lufina adanyamula chitini cha phula ndi kansanza. Adachipendeketsa, n'kuima.

"Nanga kasikuluwu?"

"Kwirirani."

"Paja munati mu Juni kamafuna kusuntha."

"Adzasuntha ndani? Inu mita simuidziwa. Kwirirani kakhale momwemo. Kakutumikirani chaka, mwina ziwiri. Kakadzafa mudzataye."

Adanena akuyang'ana kumunda, osati kwa iye. Lufina adawayang'ana, jekete, malaya oyera, chibwano chimene adachimeta yekha m'mawa umenewo. Zaka zonse zija adakhala akumva munthu ameneyu akunyoza opanga zinthu zosatseguka. Lero ndi iye amene ankamata chinthu kuti chisadzatsegukenso. Sankapanga leguleta ayi sabata yonseyi, ankatsanzika, ndipo manja otsanzikira adabwereka a mkazi wake yemwe.

Phula lidayamba kuchita khungu pamwamba. Hutala ya galimoto idalira kumsewu. A Christobel adadzuka, adakonza chitenje, adati alamu thirani tizipita, kumwambaku sikukuoneka bwino.

Lufina adabwezera chitini pambaula. Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi bolopeni yakutha, imene a Ngozo adajambulira njira ija. Adasolola za m'kati n'kutaya, adadula ndi mpeni kachidutswa ka chikhungwa chake, kotalika ngati kachala kakang'ono, n'kukaimika pamwamba pa kasikuluwu kaja ngati kapaipi. Adakagwira ndi chala chamatuza chija, ndipo ndi dzanja linalo adathira phula mozungulira, pang'onopang'ono, mpaka kachitini kadadzaza. Zonse zidamira m'chikasu. Padangotsala kababu, chidutswa cha sefuliya, ndi kapaipi kali njo pakati, kasikuluwu kakuoneka pansi pake kouma.

A Christobel adafunsa kuti kabowoko n'kachiyani.

"N'ka a Ngozo," adatero Lufina, osakweza mutu. "Mu Juni kukazizira adzandiuza popotokola."

A Christobel adayang'ana chikwama, adayang'ana mchimwene wawo, kenako adakhalanso pansi pomwe adadzuka paja. Sadali munthu wopusa.

"Alamu, mawu amenewa bwenzi mutanena tsiku lija."

"Munandifunsa tsiku limene ndinatopa."

"Nanga lero simunatope?"

"Lero ndatopa kuposa tsiku lija." Lufina adapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, chala china chili chigwirire kapaipi. "Sindikubisirani, alamu. Msana wanga watha. Dzulo ndimapinda malayawa ndikusangalala, Mulungu andikhululukire. Koma kutopa ndi kwina, kupereka munthu ndi kwina. Ine sindinapereke munthu."

A Christobel adalankhula nthawi yaitali, ndipo zimene adanena zidali zoona zokhazokha. Adati chibale ndi fupa, sichiola. Adati kumudzi akonza kale chipinda, amalume akudikira, ndipo kuti zikadzavuta kuno ndi iwo amene adzafunsidwe kuti mudali kuti. Adati wodwala wotere sachira, amangolemera chaka ndi chaka, ndipo Lufina nayenso si mtsikana. Lufina adavomera zonse. Adangoti ngati akufunadi kumulandira katundu, abwere nthawi yokumba kachewere, adzakhale masabata awiri, iye adzagoneko tulo ngati munthu. Ndipo zikadzafika poti sangathenso, adzatuma mthenga yekha, ndi pakamwa pake, osati ndi kuyang'ana pansi.

Apo a Ngozo adadzutsa mutu. Atatsegula pakamwa, lilime lidawalemera kuposa masiku onse.

"Musandimvere chisoni, Nagama. Ndinamva mmene munakhalira chete."

"Munamva bwino. Ndinakhaladi chete." Lufina adawayang'ana m'maso koyamba sabata imeneyo. "Ndiye lero mwamvanso. Chisoni chake chiti? Mwanena nokha kuti ine mita sindiidziwa."

Hutala idaliranso, kawiri, motalika. A Christobel adatembenukira kwa mchimwene wawo n'kunena kuti mwini nkhani ndi iwo, anene chimodzi, galimoto ndi ya eni.

A Ngozo adayang'ana kachitini kaja nthawi yaitali. Phula linkayera m'mbali, pakati padakali pamadzi. Adaweramira kutsogolo, n'kutsinzina diso limodzi monga ankachitira pabenchi lawo kumsika.

"Mwakakhotetsa kapaipiko, Nagama. Wongolani phula lisanaume. Mpeni udzalowa bwanji pamenepo? Ntchito yanu nthawi zonse njothamanga."

Lufina adawongola. Chala chidapsanso ndi phula, koma sadachichotse.

A Christobel adapuma mozama n'kudzuka. Adafunsa kuti nanga kumudzi akanene chiyani. Lufina adati akanene kuti ntchito sinathe, yatsala ya mu Juni. Mayi aja adapukusa mutu, koma potsanzika adagwira dzanja la mlamu wawo ndi manja onse awiri, adaona matuza aja. Adati kachewere akakhwima awaimbire. Galimoto idatsika ndi kabichi wake.

Phula litauma, Lufina adatseka kapaipi ndi kachotsekera ka kumbuyo kwa bolopeni, adakhomera kachitini pakhoma pamwamba pa batire, n'kulumikiza mawaya. Kababu kadayaka. Mvula idayamba cha m'ma leveni, yamphamvu, ndipo malata akale aja adachita zimene amachita. Dontho lidapeza njira yake pamtanda, lidatsika ndi khoma, lidagwera pakachitini, n'kutsetsereka paphula kupita pansi. Lina lidatsatira. Kababu kadangoyakabe. Anthu awiri adafika atafunda majumbo kumutu, mafoni ali m'manja, poti mbiri idamveka kuti kwa a Ngozo moto wabwerera.

Lufina adamasula chikwama. Malaya adabwerera pachingwe, Baibulo pawindo, mankhwala m'kambale kake. Adakumbuka kuti udzu m'chimanga ukumudikira, kuti zofunda za dzulo sizinaume, kuti mawa kutchalitchi adzatulukanso ulaliki usanathe. Adakhala pamphasa kuti atambasule miyendo pang'ono chabe.

"Nagama."

Adadziwa kaitanidwe kameneko, kadali ka kuchimbudzi. Adatseka maso kanthawi. Kenako adadzuka, adawavula jekete la ulendo kuti lisanyowe, adawafunditsa thumba la feteleza, n'kulowetsa phewa lake kukhwapa kwawo monga masiku onse. Adawerenga mpaka katatu n'kunyamula. A Ngozo adali olemera ngati dzulo lomwe, ndipo msana udawawa pomwe umawawa paja. Adatuluka nawo pamvulapo, phazi limodzi likuyenda, linalo likukwekwereka m'matope.